Amene Anatsitsa Botolo

Kwathu ku Ndake mankhwala opopela thonje sabwela m'mabotolo okwanila aliyense. Akampani amapeleka botolo limodzi lalikulu kwa alimi anai kapena asanu, kuti mukagawane nokha. Ndiye tsiku logawana aliyense amapita ndi kabotolo ka kunyumba kwake, wina ka mafuta ophikila, wina ka zakumwa za ana. Palibe amene amaonapo chachilendo. Chaka chimenecho amuna anga anatenga kabotolo ka zakumwa zotsekemela zija timagulila ana tikapita ku Nyimba.

Amuna anga si a kuno. Kwao ndi ku Katete, anabwela kudzakhala pamudzi pathu ngati mkamwini, ndipo munda umene ankalima unali wa amai anga. Tinali ndi ana awili, mtsikana wa zaka ziwili ndi theka, ndi mnyamata wa miyezi inai amene anali kubele. Iwo ndi munthu wosamala. Atabwela nako kabotolo kaja anakamanga pakhosi ndi legeni, mphila ija timacheka ku chubu chakale cha njinga, n'kukapachika pansi pa denga la nkhokwe. Panali pamwamba ndithu, poti ngakhale ine ndinkachita kukwela pamtondo kuti ndifikepo.

Lachitatu lina mu Febuluwale ndinafuna kupita kumjigo, koma legeni lomangila chigubu panjinga linali litaduka. Ndinafunafuna lina m'nyumba, osalipeza. Ndinakoka mtondo, ndinakwela, ndinamasula legeni la pankhokwe, kabotolo kaja ndinakaika pansi kuseli kwa mzati. Ndinati ndikabwelako ndikapachikanso. Mtsikana wanga anali kwa amai, kutsidya kwa bwalo, akudya dzungu.

Kumjigo kunali anthu ambili. Pofika kunyumba wamng'ono anali atalila mpaka kusasa mau kumsana, ndiye ndinatsamilitsa njinga pamtengo, chigubu chili chimangile, n'kukhala pakhonde kumuyamwitsa. Kabotolo ndinakaiwala. Sindinaiwale nthawi yaitali, mwina nthawi yoti ndiwo zamasamba zipse. Koma inakwana.

Mtsikana wanga anamupeza ndi amai anga. Anali atatsegula kabotolo kaja ndi mano monga anazolowela, ndipo sanamwe ambili. Anthu anathamanga kukaitana amuna anga kumunda. Atafika anagwila njinga, anamasula chigubu n'kuchiponya pansi, madzi anga onse anataika. Ndinawaona akuyang'ana legeni lija m'manja mwao kanthawi kochepa, kenako analiponya nalonso. Anandikweza ndili ndi mwana pamiyendo, tinapita kuchipatala chaching'ono, ndipo kuchoka kumeneko anatinyamula pagalimoto mpaka ku Nyimba. Anamwino anachita zimene akanatha. Mwana anatisiya tsiku lotsatila dzuwa lili paliwombo.

Za malilo sindikumbuka zambili. Amai a mumpingo anandikhazika pakati pao, ankaimba, ena ankandigwila mapewa kuti ndisadzigwetse, koma ine sindinkafuna kudzigwetsa. Ndinkangoona kuti mphasa imene ndakhalapo yayamba kumasuka m'mbali, ikufunika kusoka. Mkaka unkabwela nthawi yake, wamng'ono ankayamwa. Kwathu munthu amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba, ndiye anthu akafuna kundiitana ankayamba dzinalo n'kulimeza pakati. Pamapeto pake anangoyamba kunena kuti amai a kamwana.

Titaika malilo, m'mawa mwake achibale anakhala pansi kuti amve imfa inabwela bwanji, monga mwa mwambo. Wofunsa anali amalume, mlongo wao wamkulu wa amai anga, amene amayang'anila ife tonse obadwa kwa alongo ao. Anafunsa amuna anga kuti anathila mankhwala m'botolo la zakumwa ndani. Iwo anati ndi iwo. Anafunsa kuti anakaika pati. Anati anakapachika pansi pa denga la nkhokwe.

"Nanga kanatsika kokha, apongozi? Kali ndi miyendo?"

Amuna anga anayang'ana pansi. "Kapena legeni linaduka. Linali lakale."

Ine ndinali pamphasa ndi akazi anzanga, pafupi ndithu, ndinamva zonse. Palibe anandifunsa kanthu. Anati wofedwa asavutitsidwe. Sindinganene kuti ndinaopa, chifukwa mantha ndimawadziwa, amagwila m'mimba. Tsiku limenelo m'mimba munalibe kanthu. Ndinkaona anthuwo ngati mmene umaonela anthu akulima kutsidya kwa mtsinje, manja akuyenda koma mau osafika. Pakamwa panga sipanatseguke, ndipo nkhani inapitilila popanda ine.

Amalume anagamula kuti mwana ndi wa mbumba yathu, ndipo wafela m'manja mwa mlendo. Tikakolola, abale a amuna anga abwele ndi mbuzi ya magazi a mwanayo. Mbuzi ikaphedwa, atenge munthu wao apite naye ku Katete. Anati sangamuthamangitse mbeu zili m'munda, poti wazilima yekha. Amuna anga anaomba m'manja, anati amva.

Madzulo a tsiku lomwelo anatenga mphasa ndi bulangeti n'kusamukila kuchilindo cha kumunda, kansasa kaja timalindilamo anyani. Kwa anthu zinaoneka zoyenela, poti chimanga chinali chitayamba kukhwima. Ine masana aliwonse ndinkabeleka wamng'ono n'kuwapititsila chakudya. Tinkalankhula za anyani, kuti lelo alowela mbali ya kuphili. Tinkalankhula za mbozi. Thonje silidikila malilo, ndiye ankapopelabe, koma mankhwala anawakumbila dzenje pakati pa munda n'kuikapo mwala waukulu. Akatha kudya ankamunyamula mwana pang'ono, n'kundibwezela pamodzi ndi mbale. Za legeni sanatchulepo ngakhale kamodzi, inenso sindinatchule. Masiku ena pobwelela ndinkadziuza kuti mwina sanalizindikile, malegeni onse ndi akuda. Koma analicheka ndi iwo, ndipo analimanga ndi iwo.

Amai anga ndiwo anali ndi moto. Iwo ndi amene anamupeza mwana, ndipo chimene anaona sichinawachoke m'maso. Mwambo suwalola kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye ankalankhulila nkhuku, kapena mtondo, mokweza kuti mau afike kwa aliyense wodutsa. Ankati anthu ena anabwela ndi kachikwama kamodzi, tinawapatsa munda, tinawapatsa mwana wathu, malipilo ake ndi manda. Ine ndinkapeta chimanga pafupi nao.

Pa Lachisanu la imfa ya Ambuye ndinapita kutchalitchi chifukwa anthu onse ankapita. Mkulu wa mpingo amene analalika anati Mulungu ndi wolungama, sangaone tchimo n'kutembenukila kumbali ngati mmene timachitila ife ndi ana athu. Anati tchimo lililonse liyenela kugwela munthu. Koma poti Mulungu yemweyo ndi wachifundo, analola kuti ligwele Mwana wake, kuti wolakwa apite. Mauwa ndinawamva kuyambila ndili wamng'ono, ndipo ndinkawayankha pamtima m'kalasi ya ubatizo. Tsiku limenelo ndinawatenga n'kuwayeza pa nkhani yanga, monga umayezela nsalu pathupi. Ndinati, mlandu wanga wagwela kale munthu, ndipo munthuyo wavomela yekha, palibe anamukakamiza. Ndiye kuti zatha. Ndinatuluka nao maganizo amenewo, ndipo ndinakhala nao miyezi iwili. Sanandipepuze, koma ankandilola kudzuka ndi kusesa.

Mu Juni, Mgonelo wa Ambuye utayandikila, akulu a mpingo anayamba kuyendela akhilisitu kufunsa ngati pali amene ali ndi nkhani ndi mnzake. Kwa ine kunabwela amai ena amene amagulitsa nthochi pamseu waukulu ku Nyimba, munthu wa mau okweza, amene amalonda anzao amawaopa. Anandipeza kumunda ndikutola thonje, amuna anga ali kumapeto ena a munda. Sanakhale pansi. Anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa mumzele woyandikana ndi wanga, akudandaula kuti ntchito ya ukulu wa mpingo ikuwaolela nthochi, ndipo kumwamba akafika akafunsa za nthochi zimenezo. Anatola mwachangu kuposa ine.

Tinatha mzele umodzi. Pa wachiwili ndinawafunsa ngati ndikufunsila munthu wina. Ndinati, ngati munthu walakwa, koma wina n'kuvomela mlanduwo m'malo mwake, kwa Mulungu zimakhala zatha?

Anati iwo si abusa, ndi ogulitsa nthochi. Kenako anafunsa, osandiyang'ana: "Wovomelayo ndi Mwana wa Mulungu, kapena ndi mwana wa munthu ngati ine ndi iwe?"

Ndinati ndi mwana wa munthu.

"Ndiye munthu wakoyo wangopachika mnzake chabe. Woyenela kupachikidwa anali mmodzi, mwana wanga, ndipo anapachikidwa kale. Wachiwili safunika."

Ndinati nanga si wavomela yekha. Iwo anati ngakhale avomele akuvina, msana wake si wa ntchito imeneyo, athyoka, ndipo tchimolo lidzakhala lili pomwe linali. Anati anthu timaganiza kuti chifundo ndi kunena kuti palibe kanthu. Mulungu sananenepo kuti palibe kanthu. Pakanakhala palibe kanthu, Mwana wake akanafelanji? Kulipila analipila yekha, chimene amafuna kwa wolakwa n'chakuti aime anene kuti ndine, asabisale kuseli kwa mnzake.

"Nanga akanena kuti ndine, mwana amabwela?"

Mauwa anatuluka okha. Amai aja anaima, thonje lili m'manja. Anayang'ana kumapeto kwa munda kumene kunali amuna anga, kenako anawelamanso.

"Sabwela," anatelo.

Sanandifunsenso china. Tinamaliza mzelewo, anakhuthula thonje lao m'thumba langa, anapemphela mwachidule titaimilila. Pochoka anati zimene amva si zao, sazinyamula kupita nazo kulikonse, ndipo akachedwa minibasi iwasiya. Mgonelo umenewo ine sindinadye. Ndinakhala kumbuyo ndi mwana, anthu anaganiza kuti ndi chisoni.

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambila tsiku limenelo ndinatsimikiza mtima. Sizinali choncho. Tinakolola, tinagulitsa thonje, uthenga unapita ku Katete, ine ndili chete. Ndinkaganiza za amai anga, kuti akamva adzandiyang'ana bwanji. Ndinkaganizanso kuti amuna anga akapita, mwina nkhani idzapita nao, ine n'kutsala ndi mwana wanga ndi munda. Ndinkaganiza zimenezi ngati mmene umaganizila zoti mchele watha, popanda kutentha kapena kuzizila.

Alendo anafika mu Julaye, kukuzizila. Anali awili, atsibweni a amuna anga, munthu wamng'ono thupi wolankhula pang'onopang'ono, ndi alamu anga, mlongo wao wamkulu wa amuna anga. Mbuzi inali yamphongo, yofiilila, inakwela pamwamba pa minibasi mpaka ku Nyimba, kuchoka apo inayenda pansi. Anaimangilila kumtengo wa mango. Palibe anakumbukila kuipatsa madzi, ndiye ndinaipatsa ndine m'beseni lakale. Inamwa, inayamba kudya makoko a chimanga. Sinkadziwa kuti kunali mwana, kapena botolo.

Amuna anga anabwela kuchokela kuchilindo atalonga kale zovala zao m'thumba la fetelezala. Anandipeza kuseli kwa nyumba, anati mailo m'mawa anyamuka, koma njinga andisiyila, chifukwa mjigo uli kutali. Anati tcheni chake chimafuna mafuta pafupipafupi. Ndinati ndamva.

Anthu anakhala pabwalo, amuna pamipando, akazi pamphasa. Atsibweni aja anapepesa m'malo mwa banja lao lonse, anati mwana wao walakwa, sakukana, mbuzi ndi iyo. Amalume anayankha motalika, za mmene anamulandilila mlendo, za mwana amene sanaone ngakhale khomo la sukulu. Kenako anatuma kuti mpeni ubwele.

Pabwalo lotelo mkazi ngati ine salankhula yekha, amanong'oneza ankhoswe ake. Ine ndinamupatsa mwana mkazi amene ndinayandikana naye, ndinayenda chogwada mpaka pakati, ndinaomba m'manja. Mau anga anatuluka wamba, ngati ndikufunsa mtengo wa sopo.

"Botolo linali pamwamba monga ananenela. Ndinatsitsa ndine. Ndinkafuna legeni lomangila chigubu, ndiye ndinaiwala kupachikanso."

Amai anga anati ndikhale chete, chisoni chandisokoneza mutu, mwamunayo wandinyengelela. Amalume anakweza dzanja kuti aleke. Anandifunsa tsiku, anandifunsa pamene ndinakaika. Ndinayankha zonse. Kenako anatembenukila kwa amuna anga n'kufunsa ngati ankadziwa.

"Chigubu ndinamasula ndine," anatelo iwo.

"Ndiye munatinamizilanji, apongozi? Mwatiyendetsela anthu ulendo wonsewu."

"Kuthila ndinathila ndine, pamenepo sindinaname. Koma ine ndili ndi kwathu kopita. Uyu akanapita kuti?"

Woyamba kulankhula anali alamu anga, ndipo sanadikile kupatsidwa mpata. Anati mlongo wao wagona ndi anyani miyezi isanu, akutukwanidwa kudzela mwa nkhuku, pamene wolakwa akugona m'nyumba pabedi limene anakhoma yekha mlongo waoyo. Anati mbuzi ibwelele, ndipo munthu wao abwelelenso, osati chifukwa chothamangitsidwa koma chifukwa mudzi uno sumuyenela. Anandiloza ndi chala n'kunena kuti mkazi wotha kukhala chete miyezi isanu angathe chilichonse. Sindinawaone olakwa. Ndinali chigwadile pakati paja, maondo akuwawa, osadziwa ngati ndibwelele pamphasa.

Amalume anakhala nthawi yaitali akupukuta nkhope ndi chipewa. Iwo ndi munthu wosakonda kubweza mau. Pomaliza anati, tikati titsate chilungamo chokha, onse awili achoke, chifukwa wina anathila, wina anatsitsa, ndipo onse awili anabisa. Koma uyu ndi mwana wa mlongo wanga, mchombo wake uli pano, ndimuthamangitsila kuti? Ndipo ngati sindingathe kumuthamangitsa uyu, uyo ndimuthamangitsa ndi nkhope iti? Anatembenukila kwa alendo, anaika chipewa pamiyendo, anaomba m'manja. Sindinawaonepo amalume akuombela m'manja munthu pabwalo pao pomwe. Anati mau amene ananena mu Febuluwale akuwabweza. Mkamwini akafuna kukhala, nyumba ndi yake. Akafuna kupita, sangamuletse.

Inatsala nkhani ya mbuzi. Alamu anga anati imasulidwe. Atsibweni aja anawauza kuti akhale pansi. Anati mbuzi sinabwele kudzasankha wolakwa, inabwelela magazi a mwana, ndipo mwanayo kwao analinso mdzukulu. Anati iwo sangakwele nayonso minibasi, inawavuta kale pobwela, inadya chipewa cha munthu. Ena anaseka pang'ono n'kuleka msanga. Amalume anagwila miyendo, atsibweni aja anadula. Ufa ndi nkhuni zinachokela kwa amalume.

Mwambo umati onse okhudzidwa adyeko. Anandipatsa kachidutswa, ndinatafuna, ndinameza. Inali nyama ya mbuzi basi. Sindinamve kuti china chachoka mwa ine. Chimene ndinaona n'chakuti anthu amene m'mawa sankayang'anana, tsopano ankasamba m'manja m'beseni limodzi. Mwina ntchito ya mbuzi inali imeneyo, ndipo kupitilila apo siingathe.

Amai anga sanadye. Anandipeza ndikutsuka mbale, anaima patali pang'ono, anati ndinawasiya akutukwana mwana wa eni miyezi isanu, ine ndikupeta chimanga pambali pao. Za mwana sananene. Kuyambila tsiku limenelo amabwela kudzatenga mdzukulu wao, amamubweza atamusambitsa, koma kulankhula nane amangolankhula zofunika, monga kuti ng'ombe zalowa m'dimba. Papita zaka zitatu. Ndimadikila, sindiwakakamiza.

Mgonelo ndinayambanso kudya chaka chomwecho. Anzanga amati akadya amamva mtima kupepuka, ena amalila. Ine sindimva kanthu. Kamkate ndi kakang'ono, ndimameza, chikho chimadutsa. Ndinawauza amai a nthochi aja, anati Mulungu sanalonjeze kuti ndidzamva, ndipo munthu wodwala malungo samva kukoma kwa phala koma limamugwila. Ndimapitabe. Kuti Mulungu angakhale bwanji wolungama ndi wachifundo nthawi imodzi, sindinganene bwino ngati ophunzila. Ndinangoona amalume akulephela, atagwila chipewa m'manja, ndipo ndimaganiza kuti chimene chinawakanika iwo pabwalo, Iye anachitha pa thupi la Mwana wake. Ndimakhulupilila zimenezo ngati mmene ndimakhulupilila kuti Luangwa ili kumadzulo kwathu, ngakhale sindiiona.

Koma tsiku la mbuzi lija nkhani inali isanathe, chifukwa amuna anga sanayankhe ngati akhala kapena apita. Anagona kunyumba ya alendo ndi atsibweni ao. M'mawa alamu anga anawauza kuti anyamule thumba, ndipo ananyamula. Anandiuza kuti akupelekeza alendo ku Nyimba. Sindinafunse chifukwa chimene wopelekeza amanyamulila zovala zake. Ndinawayang'ana atatuwo mpaka anakhota pa mtengo wa mlambe, alamu anga ali patsogolo akulankhulabe ndi manja.

Tsiku limenelo ndinachapa, ndinatola nkhuni, ndinasenda mtedza wa mbeu. Ndinaphika chakudya cha anthu awili, osaganiza, n'kuvundikila china. Mwana anagona, anadzuka, anagonanso. Minibasi ya ku Katete imadzaza dzuwa lisanafike pamutu, zimenezo ndinkadziwa, ndipo kuchoka ku Nyimba wapansi munthu amafika kwathu dzuwa litapendeka. Dzuwa linapendeka, kunjila kunalibe munthu. Ndinapitiliza kusenda.

Amuna anga anatulukila nkhuku zitayamba kuyandikila khola, thumba lili pamutu, fumbi mpaka m'maondo. Anaima pakhonde osalitsitsa. Anati minibasi inachedwa kudzaza, ndipo alamu anga anawagwila malaya mpaka itanyamuka.

"Unanenelanji?" anandifunsa. "Ndinali nditazolowela."

Ndinati sindikudziwa bwino. Ndinati ndinaona mpeni ukubwela, ndiye ndinadzuka.

Kenako anati miyezi yonse ija kuchilindo ankati akapita, adzakhala atachitako kanthu kamodzi chifukwa cha mwanayo. Tsopano alibe choti achite. Ndinati inenso ndilibe. Anati sakudziwa ngati wina wa ife ali ndi mphamvu yokhululukila mnzake, poti tonse tili m'dzenje limodzi. Ndinati chakudya chilipo, koma chazizila.

Analowa m'nyumba, anatsitsa thumba, anatulukanso n'kukhala pakhonde. Ndinaika madzi pamoto oti asambe mapazi. Amai anga anadutsa cha kumapeto kwa bwalo atasenza nkhuni. Anaima kuseli kwa mtengo monga mwambo umafunila, anatembenuzila nkhope kumbali.

"Mwabwelako, apongozi?"

Amuna anga anatsika pakhonde, ananjuta, anaomba m'manja. "Tabwelako, amai."

Ine amai sanandiyang'ane. Anapitilila ndi nkhuni zao. Madzi atafunda ndinawathila m'beseni, ndinakaika pamapazi pa amuna anga, ndipo ndinabwelela ku mtedza wanga.